Saluni yakale ya V6 pa mtengo wa kagalimoto kakang'ono: kodi banja lingaidalire?

Funso: Ndine bambo wa ana atatu, wamng'ono akadali wokhala pa kampando ka ana. Ndalama zomwe tasunga zikhoza kugula kagalimoto ka injini ya 1.5 kosakalamba kwenikweni, kapena saluni yaikulu ya V6 (injini ya masilinda 6) ya cha m'ma 2007, mtengo wake ndi umodzi. Yaikuluyo ndaiyendetsapo ndipo mtima wanga watsala komweko, chifukwa pa chitunda simva n'komwe kuti yanyamula anthu. Mayi a kunyumba akuti ndikufuna kugula mavuto. Kodi galimoto yotereyi ingakhale ya banja kwa munthu wa ndalama zochepa?

Yankho: Bambo, mayiwo musawatsutse msanga, chifukwa zomwe akuopazo zimachitikadi. Komabe inunso simukulota. Saluni yaikulu yakale ikhoza kutumikira banja zaka zambiri, ndipo pa ndalama zomwezo n'kovuta kupeza galimoto ina yokupatsani mphamvu, malo ndi bata la m'kati zofanana nayo. Chomwe chimagwetsa anthu n'chakuti mtengo wogulira umatsika chaka ndi chaka, koma mtengo woisamalira sutsika nawo. Galimoto yomwe inapangidwira munthu wa ndalama imafunabe matayala aakulu omwewo, mapulagi 6 omwewo, oyilo wochuluka yemweyo, ngakhale lero akuigulitsa motchipa.

Kutchipako sikutanthauza kuti zonse n'zowonongeka. Ogula ambiri masiku ano akuthamangira magalimoto aatali a SUV kapena tating'ono tosamwa mafuta, ndiye saluni yaikulu yatsala pakati yopanda oifuna, ndipo mwayi wanu wagona pamenepo. Toyota Camry ya V6 ya 2007, ya injini ya 3.5 yotchedwa 2GR-FE, ili ndi mphamvu ya 268 horsepower. Honda Accord ya V6 ya 2003 ili ndi 240, BMW 530i ya mtundu wa E39 ili ndi pafupifupi 230, pomwe kagalimoto ka 1.5 nthawi zambiri kamangopitirira pang'ono 100. Kusiyanaku mumakumva podutsa lole yaitali pa msewu wopapatiza, muli asanu, buti itadzaza, AC ikugwira. Wa kagalimoto kakang'ono amachedwa kumbali ya magalimoto obwera kutsogolo, pomwe inu mungoti pondeni, mwadutsa, mwabwerera kumbali yanu. M'manja mwa munthu wodekha, mphamvu yotereyi imateteza.

Tsono tiwerengere mafuta, poti amenewa ndiwo mudzalipira sabata ndi sabata. V6 ya 3.0 kapena 3.5, mumzinda moima-ima, imamwa malita cha m'ma 12 mpaka 14 pa makilomita 100. Ka 1.5 pa msewu womwewo kamamwa cha m'ma 7 kapena 8. Tinene kuti pamwezi mumayenda makilomita 1,200. Yaikuluyo pa malita 13 ifuna malita 156, kakang'onoko pa malita 8 kafuna 96. Kusiyana kwake ndi malita 60 pamwezi, 720 pachaka. Chulukitsani ndi mtengo wa lita komwe mukukhala, muwaonetse mayi, muuzane zoona ngati ndalama imeneyo ilipo. Pa ulendo wautali kusiyanaku kumachepa ndithu, chifukwa injini yaikulu ikakhazikika pa liwiro limodzi imazungulira mofatsa ndipo imatha kutsika kufika pa malita 8 kapena 9. Koma ngati maulendo anu ambiri ndi a makilomita atatu kapena anayi, kusukulu, kuntchito, n'kubwerera, mlandu apambana ndi mayi: gulani kakang'onoko. Maulendo aafupi amaivutanso injini yaikulu, chifukwa siifika potentha mokwanira, chinyezi ndi petulo wosapsa zimatsalira mu oyilo, oyiloyo n'kumasanduka matope akuda m'kati. Funsiranitu za inshulansi ndi msonkho, poti m'mayiko ambiri zimakwera ndi kukula kwa injini, komanso ngati mtundu womwe mukufunawo sufuna petulo wa octane yapamwamba.

Mukaona kuti mafuta mukwanitsa, sankhani mphamvu yosavuta kuisamala. Mphamvu imachokera ku injini yaikulu yopanda turbo, kapena ku yaing'ono yokankhidwa ndi turbo, kachipangizo kopopera mpweya wambiri m'injini. Pa galimoto yomwe yapitirira zaka 15, ine ndimasankha yopanda turbo mosazengereza. Imagwira ntchito mosadzipanikiza, ndipo ilibe mapaipi, mavalavu ndi kutentha kowonjezera komwe turbo imabwera nako. Chimodzimodzinso ndi zokometsera: galimoto yoyenda pa masipuling'i wamba ndiyabwino kuposa yoyenda pa mabaluni a mpweya, omwe akatha mudzaipeza m'mawa itagwada mbali imodzi. Denga lotseguka lija limasangalatsa tsiku logula, koma timipaipi take totulutsa madzi tikatsekeka, mvula imatsikira pansi pa kapeti pomwe pamadutsa mawaya. Ndipo sankhani mtundu womwe mumakumana nawo kawirikawiri pa msewu. Galimoto yosowa imakoma kuiyang'ana, koma ikafuna kachitsulo kamodzi imatha milungu itaimikidwa.

Mtundu uliwonse uli ndi matenda ake odziwika, ndipo kuwadziwa musanapite kokaona galimoto kumakupatsani mafunso oyenera. Injini ya 2GR-FE ya Camry, Avalon ndi Lexus ES 350 ndi imodzi mwa zomwe ndimazidalira. Timing yake, yomwe imatsegula ndi kutseka mavalavu pa nthawi yake, imayendera tcheni, osati lamba. Zoyambirira zake, za pakati pa 2005 ndi 2009, zinali ndi kapaipi ka oyilo kokhala ndi chigawo cha labala komwe kamatha kuphulika n'kutaya oyilo yense m'kanthawi kochepa, choncho funsani ngati kanasinthidwa, makamaka n'kuikapo kachitsulo kokhakokha. Chodabwitsa n'chakuti Camry ya masilinda anayi ya zaka za 2007 mpaka 2009, ya injini ya 2.4 yotchedwa 2AZ-FE, ndiyo inatchuka ndi kumwa oyilo chifukwa cha maring'i a mapisitoni. Musaganize kuti injini yaing'ono nthawi zonse ndiyo yopanda mavuto. V6 yakale ya Toyota ya 3.0, 1MZ-FE, imalimba kwambiri koma imayendera lamba, ndipo imachita matope ngati mwini wake ankachedwa kusintha oyilo.

Accord ya V6 injini yake ndi yabwino, koma magiyabokosi ake a automatic a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anali ofooka, ndipo lamba wake wa timing akaduka mapisitoni amamenya mavalavu. Toyota Mark X ya 2.5, ya injini ya 4GR-FSE, imapopera petulo mwachindunji m'silinda, kotero petuloyo sadutsa pa mavalavu olowetsa mpweya kuti awatsuke, ndipo mwaye umawunjikana pamenepo mpaka injini n'kumanjenjemera ikaima. Ma V6 a Nissan a banja la VQ, a mu Teana, Altima ndi Maxima, ndi olimba, koma zambiri mwa galimotozi zili ndi giyabokosi ya CVT, yoyendera mapule ndi lamba wachitsulo m'malo mwa magiya, yomwe imadana ndi kutentha ndi oyilo wakale, ndipo ikafa nthawi zambiri amangosintha yonse.

Za ku Germany ndi zomwe zimakoma kwambiri kuyendetsa, ndipo ndi zomwe zimalanga kwambiri munthu wopanda ndalama yapadera. BMW E39, yomwe inapangidwa kuyambira 1995 mpaka 2003, ili ndi injini ya masilinda 6 oima mzere umodzi yosalala modabwitsa, koma zambiri zoziziritsira injiniyo ndi zapulasitiki: thanki ya madzi, makosi a radiyeta, ngakhale mapiko a pampu ya madzi pa zina. Pulasitiki wa zaka 20 amasweka osachenjeza, ndipo injini ya aluminiyamu sikhululuka ikatenthedwa ngakhale kamodzi. Mercedes-Benz E-Class ya W210 inatchuka ndi dzimbiri. W211 ya pakati pa 2002 ndi 2006 ili ndi mabuleki a magetsi otchedwa SBC, omwe pampu yake ndi yodula, ndipo kampaniyo inawasiya pa mtundu wokonzedwanso wa 2006. Sindikuti musagule. Ndikuti kwa munthu amene galimoto yake ndi imodzi yokha, yomwe ana akuidalira m'mawa uliwonse, ya ku Japan yopanda turbo ndiyo ndingamulozere.

Palinso kanthu komwe ogulitsa satchula. Pa saluni zoyendera matayala akutsogolo, V6 imaikidwa chopingasa, ndiye masilinda atatu amayang'ana kutsogolo, atatu enawo abisala kumbuyo kufupi ndi dashibodi. Kuti makaniko afike pa mapulagi kapena makoyilo akumbuyowo, pa injini zambiri amayamba wachotsa chigawo chonse cholowetsa mpweya pamwamba pa injini. Ntchito ya mphindi zochepa pa kagalimoto kakang'ono imasanduka ya maola. N'chifukwa chake mumapeza galimoto ili ndi mapulagi atatu atsopano kutsogolo, akumbuyo ali omwe inachoka nawo ku fakitale.

Za banja tsopano. Kukula kwa galimoto kumathandiza ikawombana ndi ina yopepuka, koma zaka nazo zili ndi mbali yake, chifukwa magalimoto atsopano anakonzedwa bwino pa kapindikidwe ka chitsulo pa ngozi. Chomwe ndingakakamire n'chakuti ikhale ndi makina oletsa kutsetsereka, omwe amagwira buleki ya tayala limodzi payokha galimoto ikayamba kupotoka. Toyota imawatcha VSC, Honda VSA, Nissan VDC, BMW DSC, Mercedes-Benz ESP. Ku America lamulo linawakakamiza pa magalimoto a 2012 kupita m'tsogolo, ku Ulaya pa galimoto yatsopano iliyonse kuyambira November 2014, kotero pa ya 2007 akhoza kukhalapo kapena ayi. Ubwino wake saluni zazikulu zinkawalandira msanga kuposa tating'ono. Pa galimoto yamphamvu yoyendera matayala akumbuyo, monga Mark X kapena BMW, pa msewu wonyowa, makinawa ndi ofunika zedi.

Ana atatu kumbuyo amafuna mpando wapakati weniweni. Galimoto yoyendera matayala akumbuyo imakhala ndi chitunda chachikulu pansi pakati, pomwe pamadutsa shafiti, ndipo wokhala pakatiyo amasowa poika miyendo. Pa mfundo imeneyi Camry kapena Accord imaposa Mark X. Onani ngati lamba wapakati ndi wodutsa paphewa, chifukwa zina zakale zili ndi wa m'chiuno wokha. Pisani dzanja pakati pa chotsamira ndi chokhalira kuti mumve ngati muli tizitsulo ta ISOFIX tokoleka kampando ka mwana, ndipo kampandoko mupite nako mukakayese pomwepo, ana enawo atakhala m'mbali mwake.

Chinanso musachiphonye: magalimoto ambiri a zaka za m'ma 2000 anali ndi ma airbag a kampani ya Takata, omwe mankhwala ake a ammonium nitrate amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo pa ngozi amatha kuphulika ndi tizidutswa ta chitsulo. Ku America kokha anaitanitsa ma airbag pafupifupi 67 miliyoni kuti asinthidwe. Tengani nambala ya chesisi, mufufuze kwa opanga galimotoyo ngati inali m'gululo komanso ngati inakonzedwa.

Pokaona galimoto, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Penti yowala ndi matayala opaka mafuta sizikuuzani kanthu. Pemphani kuti muipeze isanalizidwe tsiku limenelo, ndipo mukafika tsegulani boneti muike dzanja pa injini. Ikakhala yofunda pomwe munagwirizana kuti ikhale yozizira, dzifunseni chomwe akubisa, chifukwa phokoso la tcheni yotha, kugogoda kwa m'kati ndi utsi zimaonekera bwino pa kuliza koyamba. Tembenuzani kiyi osaliza, muwerenge magetsi a pa dashibodi. La injini, la ABS (makina oletsa matayala kugwira gwa poponda buleki) ndi la airbag ayenera kuyaka onse kenako n'kuzima injini ikalira. Lomwe silikuyaka n'komwe, mwina wina anachotsa babu. Wina alize, inu mutaima kumbuyo. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa. Nthunzi yoyera ya m'mawa yomwe ikutha msanga si vuto, koma utsi woyera wokhuthala wosatha, wonunkhira motsekemera, ndi madzi a radiyeta akulowa m'silinda.

Tsegulani chivundikiro chothirira oyilo muunikemo ndi tochi. Chitsulo cha mtundu wa golide kapena chofiirira pang'ono chikusonyeza mwini wosamala. Matope akuda omata akusonyeza oyilo wosinthidwa mwa apo ndi apo, ndipo zoyera ngati thovu lokhuthala pansi pa chivundikirocho zingasonyeze kuti gasiketi ya hedi yawonongeka. Injini ikadali yozizira, onani madzi a radiyeta: akhale a mtundu wake, ofiira, apinki, obiriwira kapena abuluu, osati madzi wamba adzimbiri kapena oyandama mafuta. Ngati giyabokosi ili ndi kandodo koyezera, pukutirani pa pepala loyera. Oyilo wofiira kapena wofiirira pang'ono ali bwino, wakuda wonunkha chopserera ndi chizindikiro choti muthokoze n'kumapita.

Poyesa kuyendetsa musakhutire ndi kuzungulira kamodzi. Giyabokosi yodwala imabisala ikadali yozizira, ndiye yendani mphindi 20 kapena 30 kuti zonse zitenthe. Mutaponda buleki, chotsani pa P kupita pa D, kenako pa R. Ilowe msanga ndi mofewa, osati kudikira kenako n'kugunda. Pa msewu wabwino pondani mwamphamvu kamodzi: singano ya injini ikakwera koma liwiro osakwera nayo, giyabokosi ikuterereka. Zimitsani wailesi, mudutse pa mabampu pang'onopang'ono mukumvetsera kugogoda kwa mabushi ndi mashoko. Saluni yolemera imadya zimenezi, ndipo pa za ku Germany mikono yachitsulo yogwira matayala akutsogolo imakhala yambiri. Mukaima, isiyeni ikulira AC ili yoyatsa, muone ngati singano ya kutentha ikukhala malo amodzi komanso ngati mafani akuzungulira.

Makilomita a pa dashibodi muwakhulupirire pang'ono chabe. Yerekezani ndi kutha kwa labala wa pa buleki, kusalala kwa chiwongolero ndi kuphwanyika kwa mpando wa dalaivala mbali yolowera. Kwa ine galimoto ya makilomita 220,000 yokhala ndi mapepala osonyeza kuti oyilo ankasinthidwa pa nthawi yake iposa ya makilomita 90,000 yopanda mbiri. Malisiti akale, ngakhale othimbirira, ndi amtengo wapatali kuposa mawu onse a wogulitsa. Pomaliza pitani nayo kwa makaniko wosankha inu, osati wa wogulitsayo. Aikweze aone kunsi ngati kuli kudontha, dzimbiri kapena zizindikiro zoti inawongoledwa itachita ngozi, ayeze mphamvu ya silinda iliyonse, ndipo alumikize kompyuta pa soketi ya OBD2 pansi pa chiwongolero. Kompyutayo imaonetsanso ngati wina wangofufuta kumene zolakwika, chifukwa mayeso a m'kati mwa galimoto amaoneka kuti sanamalizike. Wogulitsa wokana zimenezi wakuyankhani kale.

Ndalama zanu zonse zisathere pogula. Ine ndimalangiza kuti gawo limodzi mwa magawo anayi likhale pambali, ndipo ngati ndi ya ku Germany, limodzi mwa atatu. Ngati kuchita zimenezi kukutanthauza kuti galimoto yomwe mwaionayo simuikwanitsa, ndiye kuti simunaikwanitse kuyambira pachiyambi. Ndalama imeneyi ili ndi ntchito mwezi woyamba womwewo. Ngati injini ndi ya lamba wa timing ndipo palibe pepala losonyeza tsiku lomwe anasinthidwa, muyeseni wakale, musinthe pamodzi ndi pampu ya madzi ndi mapule ake. Opanga ambiri amati asinthidwe pakati pa makilomita 90,000 ndi 160,000 kapena pakatha zaka 5 mpaka 7, chifukwa labala amakalamba ngakhale galimoto itangoima. Sinthani oyilo ndi fyuluta, podziwa kuti V6 imalowa malita cha m'ma 5 kapena 6 pomwe kakang'ono kamalowa osakwana 4. Sinthani madzi a radiyeta ndi mapaipi alionse ofufuma kapena olimba gwa. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi ndipo amafunika kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse, koma ndi ochepa amene amatero. Oyilo wa giyabokosi, ngati sanapse, mukhetse n'kuthira wa mtundu weniweni womwe opanga analemba, osati womwe wapezeka pafupi. CVT makamaka ili ndi oyilo wakewake.

Matayala musawaonere mapanga okha. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2317, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 ya 2017, ndipo ngakhale likuoneka lakuya, labala wake wauma. Galimoto ya 250 horsepower pa matayala otere ndi yoopsa kuposa kagalimoto kofooka pa matayala abwino. Apa ndi pa mabuleki musafunepo zotchipa.

Mukaigula, miyezi iwiri yoyamba muziyeza oyilo nthawi iliyonse mukathira mafuta, galimoto itaima pamalo athyathyathya, injini itazima kwa mphindi zingapo, ndipo muzilemba makilomita. Injini yakale yotsitsa oyilo pang'ono pakati pa sevisi ndi sevisi ikhoza kuyenda zaka zambiri bola mukuwonjezera. Yomwe ikumwa lita yathunthu pa makilomita 1,000 ikufuna makaniko aione msanga. Muziyang'ananso pansi pomwe yagona usiku, komanso mlingo wa madzi m'thanki m'mawa isanalire. Ndipo tsiku lomwe singano ya kutentha idzadutse pakati n'kumakwera, imani pomwepo muzimitse injini, ngakhale kwatsala kilomita imodzi kuti mufike.